Jekete la Mlendo wa M'chipinda 412

9 Malichi

Wokondedwa wanga,

Ukukumbuka tsiku lija mvula inatipeza kwanu, ndili chaka chachiwiri ku yunivesite? Amayi ako anakuwa ali m'nyumba kuti zovala zinyowa. Iwe unathamangira kuchingwe, ine pambuyo ngati munthu wodziwa ntchito. Unandiponyera mbali imodzi ya nsalu ya pabedi nkunena kuti, "Gwirani ngodya, a ophunzira." Ine ndinagwira pakati. Unaseka mpaka nsalu inakhudza matope. Titaichapanso, tinayenda moyang'anana kuti ngodya zikumane, ndipo zala zathu zinagundana koyamba.

Ndili bwino, kupatula kachimfine komwe katha kokha. Ndikhulupirira kuti iwe, amayi ndi Kamphepo wathu muli bwino. Unandiuza pafoni kuti watopa ndi zithunzi, ukufuna mawu anga papepala. Adalaivala a basi avomera kumatinyamulira makalata, ndiye ndayamba.

Ndayamba ndi nkhani ya nsalu chifukwa pali zimene pafoni zinkandikanika. Ndinakuuza kuti ndili m'gawo loona za zovala pahotelo. Sindinaname, koma sindinanene zonse. Ndimagwira ntchito m'chipinda chochapira, pansi penipeni pa nyumbayo, kopanda zenera. Nsalu za pabedi zimatuluka m'makina ositira zikutentha, ndipo ntchito yanga ndi kuzipinda, kuyambira sikisi m'mawa mpaka fili koloko masana. Zaka zinayi zophunzira mbiri yakale zathera pamenepo.

Timapinda awiriawiri, tebulo lililonse anthu awiri. Akapitawo sawerenga nsalu za munthu, amawerenga za tebulo. Tebulo likatsalira kawiri pamlungu amalipasula, ndipo amene anabwera pambuyo ndi amene amaona msewu. Mnzanga wa patebulo ndi bambo wachikulire wa kwathu konko, wamfupi, waimvi, amene wakhala pansi pano zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Onse amawatchula a Nthunzi. Foni yawo ndi ya mabatani, yomangidwa ndi mphira kuti isapasuke. Tsiku loyamba atamva kuti ndinapita ku yunivesite anati, "Digiriyo ikani m'thumba, a Pulofesa, pano tikufuna zala." Dzina la Pulofesa linakakamira pomwepo. Sayankhula zambiri. Ndikalakwitsa amangoti, "Ngodya," basi.

Pa Fesibuku ndi nkhani ina. Ndili ndi anzanga zikwi ziwiri ndi mazana atatu, ndipo onsewo amandiona nditaima pakhomo lalikulu la hotelo, pafupi ndi maluwa, nditavala malaya oyera. Zithunzizo ndimajambula nthawi yopuma. Sindinalembepo kuti ndine bwana, koma alamu akalemba kuti "Bwana wathu" sindiwakonza. Nthawi zina ndimadzifunsa kuti pakati pa munthu wa pazithunziyo ndi ine, wamantha ndani. Chonde usawauze kaye alamu.

Nsapato za Kamphepo zili m'kathumba kabuluu. Ndagula zokulirapo, uikemo thonje kutsogolo. Uwauze akalipentala akonze denga pamwamba pa makina ako osokera mvula isanaononge lamba. Kuno buledi wakweranso mtengo, koma sindigona ndi njala.

Ndine wako,
amene unamuphunzitsa ngodya.

2 Epulo

Wokondedwa wanga,

Moni kwa nonse. Ine ndili bwino, msana wazolowera tsopano. Ndasangalala kumva kuti chifuwa cha amayi chachepa ndiponso kuti nsapato zakwana.

Kalata yako ndaiwerenga katatu. Ndinkayembekezera kuti ukhumudwa, koma iwe wangolemba kuti, "Bola ukugwira ngodya, osati pakati." Ndinaseka ndekha m'chipinda mpaka mnzanga wogona naye, amene ndi mlonda, anafunsa ngati ndayamba misala. Zikomo. Katundu amene ndinamusenza miyezi isanu ndi iwiri wamutula ndi mzere umodzi.

Tsono ndikuuze za chithunzi chomwe mwina wachiona kale. Lachiwiri lapita munthu wosita zovala za alendo anadwala, akapitawo nkutituma ife kuti tikathandize. Panali jekete lina la mlendo, lotuwa ngati phulusa, nsalu yake yofewa moti dzanja silifuna kuchokapo. Iwe ukanaliona ukanalitembenuza kuti uone msoko. Ndinalisita, ndinalipachika, kenako ndinapezeka kuti ndalivala. Ndinapempha a Nthunzi kuti andijambule.

"Ayi," anatero osakweza mutu. "Limenelo lili ndi mwini wake pamwambapa, a Pulofesa, ndipo mwini wakeyo ali ndi mphuno."

"Mphindi imodzi yokha, bambo."

"Mphindi imodzi ndi yomwe ija makina anadyera chala cha mnzathu uja."

Ndinapita ndekha pagalasi la m'khonde la antchito nkudzijambula. Nditabwera anandilanda jeketelo mwakachetechete, nalipititsanso panthunzi, kukhosi ndi m'khwapa, asanalikutire m'pulasitiki.

Chithunzicho ndinachiika pa Fesibuku, ndipo pofika madzulo chinali ndi timitima mazana asanu ndi limodzi. Anthu amene sindinayankhule nawo chichokereni kusukulu anatulukira. Meya, uja ankayankhula pamisonkhano yonse ya ophunzira, analemba kuti, "Tinkadziwa kuti udzafika, mkulu." Wina anapempha kuti ndimupezere ntchito. Msuweni wako akuti ndikadzabwera ndidzayankhule kwa ana a kusukulu kwawo. Ndisakubisire, zinandikomera. Ndinkatsegula foni mphindi iliyonse ngati munthu woyang'ana mphika. Kwa tsiku limodzi ndinali munthu amene amayi anga anagulitsira mbuzi zawo kuti aphunzire.

Mmodzi yekha ndi amene sanalembepo kanthu: Aphunzitsi. Sindinakuuzepo za iwo. Ndi bambo wopuma pantchito amene sindinakumanepo nawo. Tinadziwana pagulu lina lokambirana mabuku zaka zitatu zapitazo. Ndikalemba za buku amayankha ndime zitatu, nthawi zambiri motsutsa. Ndikaika chithunzi cha nkhope yanga amangodutsa. Sindikudziwa chifukwa chake kukhala chete kwawo kukundivutitsa kuposa mmene timitima tonse tija tinandisangalatsira.

Ulusi umene unapempha ndapeza wakuda ndi wofiirira, wobiriwira ndisakabe. Kamphepo asamapite kusukulu wopanda juzi.

Ndine wako.

20 Epulo

Wokondedwa wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine m'thupi mulibe vuto.

Kalata yako yafika dzulo. Wanena kuti jekete lija si langa chifukwa manja ake ndi aatali ndi zala ziwiri, ndiponso kuti pamkono wamanzere pakuoneka kapepala ka nambala kamene ochapa amabaya pachovala. Wanena kuti ndichotse chithunzicho msanga. Anthu mazana asanu ndi limodzi anachiyang'ana, koma kapepalako unakaona ndiwe. Ndiwe ndi munthu winanso mmodzi. Kalata yako yachedwa ndi masiku atatu.

Masiku ano ndili pakhomo, andiimitsa kaye ntchito. Usade nkhawa kwambiri, sanandichotse. Akuti tikakambirane pa 6 Meyi. Ndidzakufotokozera bwino mutu ukakhazikika, panopa ndikalemba mzere ndimaufufuta.

Wailesi imene ndinalonjeza amayi idikire pang'ono. Ukandiimbira nkupeza foni yozima, usaganize zambiri, ndangoiika m'kabati. Chipinda chino masana chimakhala chete kwambiri, mlonda uja amakhala ali mtulo, ine ndimayenda ndi zala kuti ndisamudzutse. Ndazindikira kuti padenga pali mng'alu wooneka ngati mtsinje wa pamapu.

Amayi usawauze. Kamphepo umuuze kuti adadi ake akumusowa.

Ndine wako.

27 Epulo

Wokondedwa wanga,

Moni. Ndili bwino, ndayambanso kudya. Zikomo chifukwa cha mawu amene unatumiza kudzera kwa adalaivala, akuti unawauza kuti andikoke khutu. Anangondipatsa moni, khutu analisiya.

Nkhani ndi iyi. Meya, pofuna kundinyadira, anagawa chithunzi chija patsamba lake nkuikapo dzina la hotelo, kuti anthu aone kumene mnzake wafika. Sanafune kundipweteka, ndikudziwa. Koma munthu amene amayang'anira tsamba la hoteloyo anachiona, anachikulitsa, nkuwerenga kapepala kaja: 412. Imeneyo ndi nambala ya chipinda. Mlendo wake amabwera mwezi uliwonse. Akapitawo anandiitana pakati pa ntchito, nsalu ili m'manja. Anaika foni patebulo nkufunsa kuti, "Uyu ukumudziwa?" Ndinayang'ana munthu wa jekete uja, ndipo ndinatsala pang'ono kunena kuti ayi.

Nditakhala masiku anayi m'chipinda ndinayatsa foni. Ndinachotsa chithunzicho nkulemba zoona: kuti ndimapinda nsalu m'chipinda chochapira, kuti jeketelo linali la mlendo, kuti mwina ntchito indithera. Ndinaganiza kuti dziko ligwa. Dziko silinagwe, linangopitirira. Anthu makumi anayi anaika kankhope kolira. Ena analemba kuti akundipempherera, ndipo ndikukhulupirira kuti ena mwa iwo anapempheradi. Wina anaseka, nati digiri ya sopo. Uja ankafuna ntchito anandichotsa pa anzake tsiku lomwelo. Alamu sanalembe kanthu, koma ndamva kuti anabwera kwa iwe. Pepa kuti unayankha mafunso amene anali anga.

Tsiku lomwelo cha m'ma folo koloko wina anagogoda. Anali a Nthunzi, atanyamula buledi, mazira anayi ndi mtolo pansi pa mkono. Sindinawauzepo kumene ndimakhala. Akuti anafunsa kwa mlonda wa pageti, amene anafunsa kwa mlonda mnzake, mpaka anafika. Anakwera mabasi awiri atagwira ntchito maola asanu ndi anayi.

Anayang'ana chipinda, anayang'ana ine, nati, "Mwasamba?"

Ndinati ayi.

"Kasambeni. Ine sindipinda ndi munthu wonunkha bulangete."

Nditabwera ndinapeza atamasula mtolo uja. Inali nsalu yakale ya pabedi pawo. Chipinda chathu ndi chopapatiza, ndiye iwo anaima pakhomo, ine kuzenera, mlonda ali mkonono pakati pathu. Tinapinda, anamasula, tinapindanso, mwina kakhumi.

"Manja amaiwala msanga," anatero. "Mukadzabwerera manja atauma, mudzandichedwetsa."

"Nanga ngati sindibwerera, bambo?"

"Ngodya," anatero.

Za jekete sanatchule ngakhale kamodzi. Ndinkadikira kuti anene kuti anandichenjeza, chifukwa anandichenjezadi. Anangomwa tiyi, nadandaula kuti shuga ndaika wa ana, nkunyamuka. Kuyambira tsikulo abwera katatu.

Ndinaona kuti m'zithunzi zonse zimene ndaika chifikireni kuno, mulibe ngakhale chimodzi cha munthu amene ndimayang'anana naye maola asanu ndi anayi patsiku. Ndikudziwa chifukwa chake, ndipo chikundichititsa manyazi kuposa jekete.

Ndine wako.

3 Meyi

Wokondedwa wanga,

Ndikhulupirira kuti kunyumba kuli bwino ndipo denga lasiya kudontha. Ine ndilipo. Kwatsala masiku atatu.

M'kalata yapita ndinalemba ngati kuti anthu onse a pafoni ndi mphepo. Ndinalemba ndili wowawidwa, ndipo sindinachite chilungamo. Lamulungu m'mawa foni inalira, nambala yachilendo. Mawu a bambo wokalamba, okhosomola, anati, "Ndine amene ndimakutsutsani za mabuku." Anali Aphunzitsi. Zaka zitatu ndikuwerenga mawu awo, ndinkawaganizira ngati munthu wa mawu aakulu. Mawu awo ndi aang'ono ngati a agogo ako aamuna.

Anati nambala yanga anaipempha kwa woyang'anira gulu lija. Anati, "Chithunzi chija ndinachiona, sindinakudziweni. Zimene munalemba Lachisanu zija ndiye ndinati eya, uyu ndi uja timakangana naye." Tinayankhula mpaka mayunitsi awo anatha, anagula ena nkuimbanso. Asanapume anakhalapo m'komiti yomva milandu ya aphunzitsi, ndiye anandiuza kuti ndilembe kalata yopepesa ya tsamba limodzi. Ndinalemba masamba atatu, nkuwatumizira. Anabweza atadula zonse zofotokoza za yunivesite, za umphawi, za mtima wanga. Anati, "Anthuwo sakufuna mbiri yakale. Nenani chimene munachita, nenani kuti chinali cholakwa, khalani chete." Yatsala mizere isanu ndi inayi.

Palinso mayi wina amene sindimudziwa, anandilembera kumbali. Anaphunzira unamwino, koma kumene ali amakolopa m'maofesi, ndipo kwawo amadziwa kuti ali kuchipatala. Sanapemphe kanthu. Anangoti, "Ndawerenga, ndalira, mwina tsiku lina nanenso ndidzanena." Ndinangoti zikomo. Meya analemba kuti pepa mkulu, kenako anaika zithunzi za galimoto yake. Sindimusungira mkwiyo.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi a Nthunzi. Anawapatsa munthu watsopano patebulo, wamtali, wothamanga, amene amakoka nsalu ngati akukoka chingwe. Tebulo latsalira kawiri. Mlonda uja wamva kuti akapitawo ayamba kunena kuti mwina vuto si anthu atsopano, ndi ukalamba. Nditawafunsa dzulo anati, "Mwana uja ali ndi manja abwino, koma samvera nsalu." Kenako anasintha nkhani, nayamba kundiuza za mdzukulu wawo amene wayamba kuyenda. Ngati jekete lija lingadye ntchito za anthu awiri, sindikudziwa kuti ndidzayang'ana bwanji nkhope yawo.

Malaya oyera aja ndachapa. Loweruka undikumbukire cha m'ma teni koloko.

Ndine wako.

8 Meyi

Wokondedwa wanga,

Moni kwa iwe, kwa amayi ndi kwa Kamphepo. Ndili bwino. Ndiyambe ndi chimene ukufuna kumva: ntchito ilipo. Ndinakuuza kale pafoni, koma ndinali ndikulira ngati mwana, ndiye sunamve bwino mmene zinayendera.

Anandilowetsa m'kachipinda ka pamwamba, ka kapeti. Aka kanali koyamba kukwera chikepe cha alendo. Munali anthu atatu: akapitawo, mayi woyang'anira antchito, ndi bambo wina wolemba. Chithunzi chija anachisindikiza papepala lalikulu, kapepala ka 412 atakazunguliza ndi cholembera chofiira. Ndinawerenga mizere yanga isanu ndi inayi. Mayiyo anati mlendo sanadandaule chifukwa sakudziwa, koma lamulo ndi lamulo, wovala chovala cha mlendo amachotsedwa. Anafunsa ngati ndili ndi mawu ena. Ndinakumbuka Aphunzitsi, ndinakhala chete.

Pamenepo chitseko chinagogodedwa. A Nthunzi analowa atavala yunifolomu, chipewa chili m'manja, nsapato zawo zonyowa zikusiya mapazi pakapeti. Akapitawo anati sanaitanidwe. Iwo anati akudziwa, ndi nthawi yawo yopuma, ndipo atsala ndi mphindi khumi ndi ziwiri.

Anayang'ana mayi uja nati, "Mayi, ine ndinalipo. Ndinaona akuvala, ndinaona akuvula. Jeketelo ndinalibwezera panthunzi ndi manja angawa, ndipo sindinauze munthu. Tsono inu mumatiwerenga patebulo. Nsalu zikachuluka mumati tebulo lachitatu lachita bwino, zikachepa mumati tebulo lachitatu latsalira. Simunafunsepo kuti ngodya iyi anagwira ndani. Leronso werengani tebulo."

Mayiyo anawafunsa ngati akumvetsa kuti akudziika m'mlandu.

"Ndikumvetsa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndapinda ndi anthu makumi awiri ndi atatu. Uyu anabwera ndi manja awiri amanzere, koma amamvera. Anachita zopusa tsiku limodzi. Ine ndilibe zaka zina zophunzitsira munthu wa makumi awiri ndi anayi."

Kenako anayang'ana wotchi ya pakhoma, anavala chipewa, natuluka. Bambo wolemba uja anali atasiya kulemba.

Mayiyo anandiuza kuti ndidikire panja, ndipo ndinakhala pabenchi pafupifupi ola. Chigamulo ndi ichi: chenjezo lomaliza lolembedwa, sindidzakhudzanso zovala za alendo, ndipo foni izitsala m'kabati ya pageti. A Nthunzi nawonso apatsidwa chenjezo chifukwa chosanena. Ndi loyamba pazaka zonsezo. Fayilo yawo inali yoyera ngati nsalu zimene amapinda, ndipo banga loyamba ndaikapo ndine.

Lero m'mawa ndinafika patebulo iwo ali kale pamalo pawo. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'basi. Ndinangoyamba kuti, "Bambo, sindikudziwa kuti ndinene chiyani."

"Ndiye musanene," anatero, nandiponyera mbali yanga.

Lero tebulo lachitatu lakhala lachiwiri pa matebulo onse asanu ndi limodzi. Aphunzitsi ndawauza. Ayankha kuti zili bwino, ndipo buku limene ndinalitama mwezi watha ndi lachabechabe, afotokoza chifukwa chake.

Ndine wako.

4 Juni

Wokondedwa wanga,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino kwambiri, ndanenepako pang'ono. Wailesi ya amayi ili m'katoni, mabatire ali m'kati mwa sokosi. Ulusi wobiriwira ndaupeza.

Zikomo pondiuza zimene amayi ananena utawafotokozera zonse, zoti mbuzi zija anagulitsira mwana, sanagulitsire ofesi. Ndimeyo ndaipinda payokha, ili m'chikwama. Alamu anandiimbira Lamulungu. Tinayankhula za mpira kwa nthawi yaitali, pomaliza anati, "Basi, limbikirani kumeneko." Sananene kuti bwana, ndipo ndinapuma bwino.

Fesibuku sindinaitseke. Ndimalowa madzulo ndikaweruka, ndimakangana ndi Aphunzitsi, nthawi zina ndimafunsa mayi wa unamwino uja kuti zikuyenda bwanji. Timitima tachepa kwambiri. Masiku ena ndimatisowa, ndisaname.

M'kalata muno muli chithunzi. Ndinapempha a Nthunzi kuti tijambulitse tili awiri, anakana milungu iwiri. Kenako anati avomera pokhapokha chikhale cha papepala, chopita kwa iwe, osati cha anthu zikwi ziwiri aja. Anatijambula ndi mlonda, pageti la antchito, pafupi ndi migolo ya zinyalala. Amene watseka maso ndi iwowo. Uchiike pamwamba pa makina ako.

Tsopano pempho langa. Pazaka zonsezi a Nthunzi asita majekete a anthu osawerengeka, koma iwo alibe ngakhale limodzi. Mwezi wa Ogasiti mwana wawo wamkazi akumaliza maphunziro a uphunzitsi, ndipo ndinawamva akufunsa wosita zovala uja ngati angawabwereke lake. Ndikufuna uwasokere. Nsalu ndagula, ili pansi pa wailesi, yotuwa koma osati ngati ija. Sindingawayeze ndi tepi, angandithamangitse. Ndayeza yunifolomu yawo ili pachingwe, miyeso ili kuseri kwa tsamba lino. Manja awo ndi aafupi kuposa anga ndi zala zitatu, ndikudziwa chifukwa tikakumanitsa ngodya ndine ndimawerama. Phewa lamanja ndi lotsika pang'ono. Iwe ukudziwa chochita.

Ndisiyire pomwepa. Basi inyamuka faifi koloko, ndipo a Nthunzi ndi amene akupititsa katundu kwa adalaivala chifukwa ndi njira yawo. Sakudziwa chimene anyamule. Akhala pabedi la mlonda, amaliza tiyi, akuyang'ana wotchi.

Ndinapinda masamba oyamba aja mothamanga, iwo aona, apukusa mutu.

"Kalata ya kwa mayi a kunyumba mukupinda choncho? Ngodya, a Pulofesa."

Ndawamasula. Ndikangoika dzina pansipa ndipindanso bwinobwino, tsamba lino pamwamba, chithunzi pakati. Dzanja lawo latambasuka kale.

Ndine wako,
wa tebulo lachitatu.